Kupalasa Njinga M'misewu Yotutira Matabwa

Kwa Mmalawi, njinga pa msewu wafumbi si nkhani yoyimitsira munthu panjira. Ndi mmene chimanga chimafikira kuchigayo, ndi mmenenso wodwala amafikira kuchipatala. Kumayiko ena zinthu zinatembenuka: anthu otopa ndi kupanikizana ndi magalimoto pa tala anayamba kusakasaka dala misewu yafumbi ndi yamiyala, mpaka zinasanduka masewera okhala ndi njinga zakezake. Mpikisano wa ku Emporia, m'chigawo cha Kansas ku America, womwe lero umatchedwa Unbound Gravel, unayamba mu 2006. Mu 2021 ku Kenya kunayambika Migration Gravel Race m'dera la Maasai Mara, ndipo mu 2022 bungwe la UCI, lomwe limayendetsa masewera a njinga padziko lonse, linachititsa koyamba mpikisano wa akatswiri a misewu yotereyi ku Veneto m'dziko la Italy.

Misewu imene opalasa oterewa amaikonda koposa ndi ija yazitunda, yodutsa m'nkhalango, kopanda phokoso la injini. Kwathu kuno ilipo: pamwamba pa phiri la Zomba, m'mapiri a Viphya, ku Dedza ndi Chongoni, ku Dzalanyama. Koma palibe ndi umodzi womwe umene unakumbidwira munthu wongoyenda kukapitidwa mphepo. Yambiri inakumbidwa kuti matabwa atuluke ndiponso kuti ozimitsa moto afike msanga. Amene wamvetsa zimenezi amadziwiratu kumene msewu ukhotere, kumene ukathere, nyengo imene umaopsa, ndi anthu amene akumane nawo.

Chifukwa chake imakhota chonchi

Nkhalango za paini za ku Zomba, Dedza ndi Viphya ndi minda. Mitengo yake inadzalidwa ndi manja m'mizere, ndipo mundawo unagawidwa m'zigawo kuti chilichonse chizidulidwa pa nthawi yake. Paini si mtengo wa kuno: mtundu wofala kwambiri m'mapiri athu, Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico. Kuti ufike pochekedwa matabwa pamapita zaka zoposa 20, ndipo zaka zonsezo pamafunika njira yoti antchito afike kukadzala, kukasadza nthambi, kukapatulira, ndipo pomaliza yoti lole yodzaza zipika itulukire.

Lole yolemera siingakwere phiri molunjika. N'chifukwa chake msewu waukulu wa m'nkhalango umayenda cham'mbali mwa phiri, kulowa m'khwawa lililonse n'kutulukanso, kukwera pang'onopang'ono. Malo amene mukuwaona tsidya lina la chigwa, oti mungakuwe munthu n'kukumvani, pa njinga mutha kukawafika patapita theka la ola. Umenewu ndiye msewu wokoma kupalasamo, chifukwa chitunda chake chinayezedwa kuti injini yolemedwa ichipirire, ndipo miyendo nayo imachipirira.

Pa msewu waukuluwo pamachoka nthambi zambirimbiri, ndipo zambiri mwa izo sizitulukira kulikonse. Zimakathera pa kabwalo pomwe ankapakirira zipika, basi. Palinso njira zotchingira moto, zolambulidwa motakata pakati pa chigawo ndi chinzake. Mukaona njira yotakata ikukwera chitunda molunjika, osakhota n'komwe, kawirikawiri ndi imeneyo. Kumunsi imaoneka ngati chidule. Mukalowamo mukankha njinga mpaka pamwamba, n'kupeza kuti mbali inayo ndi phompho.

Misewuyi imabadwanso n'kufa. Chigawo chikamadulidwa, malole amayendamo ngakhale mvula ikugwa, n'kusiya ngalande ziwiri zakuya za matayala ndi msana pakati. Kudula kukatha palibenso woukonza. Udzu ndi tchire laminga zimautseka, kalavati imagumuka, mtengo umagwa chopingasa. Mapu a pa foni amaonetsa misewu yomwe inatsekeka kalekale, n'kusiya ina yatsopano yomwe inakumbidwa chaka chatha. Athandiza ndithu, koma mayi wotola nkhuni m'chigawo chimenecho amadziwa zambiri kuposa iwo.

Zomba: mukafika pafumbi mutatopa kale

Mzinda wa Zomba, womwe unali likulu la dziko mpaka 1975, uli pa mamita pafupifupi 950 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Hotela ya Ku Chawe, pamphepete mwa phiri, ili cha pa mamita 1,500, ndipo nsonga yaitali ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Ndiye kuti woyambira m'tauni amakwera mamita oposa 500 pa tala, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10, asanaone n'komwe fumbi. Ambiri amathera mphamvu zawo pamenepa. Amayamba ndi liwiro pofuna kudutsa ogulitsa mabulosi ndi masitiroberi m'mbali mwa msewu mwaulemerero, kenako pofika ku damu la Mulunguzi miyendo ili zii.

Pamwambapo phirili lili ngati beseni lalikulu: nsonga zili m'mphepete, madzi onse amatsikira pakati mumtsinje wa Mulunguzi. Misewu yafumbi imazungulira beseni limeneli. Wopita chakum'mawa amadutsa kufupi ndi mathithi a Mandala ndi a Williams, n'kukwera molowera ku damu la Chagwa, mpaka kukafika pa Queen's View, dzina lokumbukira ulendo wa mayi wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi pa Emperor's View, pomwe anaimirira mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Kukacha bwino pamenepa pamaoneka nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, chigwa cha Phalombe, ndi phiri la Mulanje kutali. Wopita chakuzambwe amakafika ku dzenje la Chingwe, pamphepete poyang'ana chigwa cha Shire, komwe anyamata amagulitsa miyala yonyezimira yokumbidwa m'mapiri omwewo ndi a Malosa. Za dzenjeli pali nkhani zambiri zoopsa, zoti kale ankaponyamo anthu, ndipo aliyense wa kumeneko amazifotokoza mwa njira yake.

Njira ya ku Chingwe ndiyo yovuta mwa zonse. Ndi yaitali, malo ena ndi yamiyala yosongoka, ndipo mbali zina zomwe kale zinali mumthunzi tsopano zili pambalambanda chifukwa mitengo inadulidwa kapena inapsa. Ubwino wa Zomba ndi wakuti n'kovuta kusocheratu: madzi onse a m'besenimo amapita ku Mulunguzi, choncho wosokonezeka akatsata msewu wotsikira pakati amafika ku damu. Chinthu chimodzi ndikupempha: madzi a damu limenelo ndiwo amamwa anthu a mumzinda wa Zomba. Musatsukire tcheni chamafuta mumtsinje.

Palinso njira yapansi yotchuka, ija amaitcha Potato Path, yochokera m'tauni kukwera phirili molunjika. Imeneyo ndi ya oyenda pansi osenza katundu. Njinga isiyeni kunja kwa njira imeneyo.

Viphya: mtunda wautali wopanda wofunsa

Ku Zomba mukatopa mutha kutembenuka n'kutsikira m'tauni. Ku Viphya palibe tauni yotsikirako. Nkhalango ya Chikangawa, yomwe msewu wa M1 umaidula pakati pa mphambano ya ku Mzimba ndi Mzuzu, inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, makamaka kuyambira m'ma 1960. Cholinga chinali kudyetsa fakitale yopanga zipangizo za mapepala yomwe inkayenera kumangidwa ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inakula, inakalamba ili chiimire, mpaka boma linapereka mahekitala 20,000 ku kampani ya Raiply chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mbali zina zinalowa ocheka matabwa ambirimbiri ndi macheka awo. Kudula kunaposa kudzala, moto nawo unawononga chaka ndi chaka. Lero wopalasa ku Viphya amadutsa m'mitengo italiitali kwa kanthawi, kenako m'zitsa ndi lupsa, kenako m'mitengo yaing'ono yofika m'chiuno, n'kulowanso mumthunzi.

Dzikoli ndi lokwera, malo ambiri pakati pa mamita 1,500 ndi 1,800, ndipo ndi lazitunda zotsatizana. Palibe chitunda chimodzi chachikulu choti mukachigonjetsa mwapuma. Mumakwera mphindi khumi, kutsika mphindi ziwiri, kuwoloka kamtsinje, kuyambanso kukwera, tsiku lonse. Mtima umatopa msanga kuposa miyendo, chifukwa nsonga iliyonse imaulula inzake kutsogolo.

Poyambira pabwino ndi ku Luwawa, komwe kuli damu ndi malo ogona alendo, makilomita angapo kuchokera pa M1. Kumeneko kwakhala kukuchitika mipikisano ya njinga za m'mapiri, ndipo kuli anthu odziwa njira. M'malingaliro anga, ulendo woyamba ku Viphya suyenera kukhala wa munthu yekha. Zigawo za paini zimafanana, nsonga zodziwira mbali n'zochepa, netiweki ya foni imasowa m'zigwa, ndipo nkhungu ikatsika simungaone ngakhale chitunda chomwe mwangotsika kumene. Kulipira mnyamata wa m'deralo kuti akutsogolereni pa njinga yake ndi ndalama yogwiritsidwa bwino ntchito kuposa chipangizo chilichonse chomwe mungagule m'sitolo.

Dedza ndi Dzalanyama

Kwa okhala ku Lilongwe, apafupi ndi awa. Phiri la Dedza limafika mamita pafupifupi 2,200, ndipo lili ndi msewu wafumbi wokwera kuchokera kuseri kwa tauni mpaka ku nsanja za mauthenga. Ndi chitunda chimodzi chosalekeza, chabwino kwa wofuna kudziyesa m'mawa umodzi. Kumpoto kwake kuli nkhalango ya Chongoni, komwe kuli sukulu ya zankhalango ndi mapanga a zojambula zakale, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006. Malo a zojambulazo alipo 127. Misewu yolumikiza Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi imadutsa m'paini, m'mitengo yachilengedwe ndi m'midzi, ndipo njinga ndiyo njira yoyenera yoyendera mtunda woterewu.

Dzalanyama ndi ina. Yambiri ndi nkhalango yachilengedwe ya mombo, tsamba ndi masuku, ndipo ndiko kumachokera mtsinje wa Lilongwe womwe umamwetsa likulu la dziko. Zitunda zake n'zocheperapo, koma mchenga ndi wambiri, ndipo mchenga umaimitsa njinga mwadzidzidzi kuposa chitunda. Mu 2015 boma linayamba kutumizako asilikali kukateteza mitengo kwa owotcha makala. Musanalowe, pitani kaye ku ofesi ya zankhalango, munene kumene mukupita, ndipo munyamule chitupa chanu.

Chitunda ndi nkhani ya magiya

Anthu amati wakuti ali ndi mphamvu chifukwa wakwera chitunda osatsika. Nthawi zambiri chimene ali nacho ndi magiya oyenera. Tiyerekeze njinga wamba ya giya imodzi, yokhala ndi mano 44 pa chitsulo cha ku mapedulo ndi mano 18 pa cha kumbuyo. Mukazunguza mapedulo kamodzi, tayala lakumbuyo limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka. Poti tayala la mainchesi 28 limayenda mamita pafupifupi 2.2 pa kuzungulira kumodzi, njingayo yapita mamita oposa 5. Pa chitunda chokwera mamita 10 pa mamita 100 alionse, kuzunguza kumodziko kukuyenera kukweza inu, njinga ndi katundu wanu theka la mita. N'chifukwa chake ngakhale akabaza amphamvu amatsika n'kukankha.

Tsopano tengani njinga yomwe mano akutsogolo ndi akumbuyo atha kufanana, tinene 34 ndi 34. Kuzunguza kumodzi kumakupititsani mamita 2.2, n'kukukwezani masentimita 22 okha. Mumayenda pang'onopang'ono, mwina liwiro la munthu wothamanga mopepuka, koma mutha kutero kwa ola lathunthu mawondo osadandaula. Pogula njinga ya m'misewu iyi, yang'anani kukula kwa chitsulo chachikulu cha kumbuyo musanayang'ane utoto.

Pafumbi palinso china chomwe pa tala palibe. Mukaimirira pa mapedulo kuti muwonjezere mphamvu, kulemera kwanu kumachoka pa tayala lakumbuyo, ndipo limangozungulira pa timiyala osagwira pansi. Khalani pa chishalo, weramirani kutsogolo kuti tayala lakutsogolo lisadzuke, ndipo tchovani mosalala, osadzukirira. Sinthani magiya chitunda chisanalimbe, chifukwa kusintha tcheni chitakungika ndiko kumachidula. Ndipo kutsika n'kukankha si chamanyazi. Pa chitunda choopsa wokankha ndi wopalasa amafika pamwamba nthawi imodzi.

Powerengera nthawi, musadalire makilomita okha. Makilomita 40 a ku Viphya sali ngati makilomita 40 a ku Salima. Munthu wamba awerengere makilomita 10 pa ola, kuphatikizapo kupuma, ndipo akafika msanga ayamike.

Mtsetse ndiwo umavulaza

Chitunda chimatopetsa, koma amene amathyoka phewa amathyokera pamtsetse, nthawi zambiri madzulo, manja atatopa ndipo maganizo ali kale kunyumba.

Buleki ya kutsogolo ndiyo imaimitsa njinga kwambiri, koma pa timiyala totayirira ikagwira mwadzidzidzi tayala limatsetsereka ndipo munthu amagwa asanadziwe chachitika. Gwirani onse awiri pamodzi, mofewa, ndipo chepetsani liwiro musanafike pokhota, osati muli kale pakati pake. Sunthani thupi chakumbuyo, pindani zigongono ndi mawondo, mapedulo akhale molingana kuti lina lisagunde mwala. Maso ayang'ane kumene mukufuna kudutsa. Woyang'anitsitsa dzenje amalowa m'dzenjemo.

Msewu wa matabwa uli ndi misampha yakeyake. Ngalande za matayala a malole zikauma zimalimba gwa, ndipo tayala la njinga likalowamo limakana kutuluka. Mukalowamo musalimbane nazo, chepetsani liwiro mpaka zithe kapena muime. Pamalo pomwe magalimoto amathamanga, msewu umachita timizere tangati malata ofolerera nyumba, tomwe timagwedeza manja mpaka zala kuchita dzanzi. Pamenepo gwirani chiwongolero momasuka, mufune mzere wosalala cham'mphepete. Masamba a paini ogwa pansi amaterera ngakhale kuli kouma, ndipo amabisa mizu ndi maenje. Milatho yamatabwa nayo njoyenera kuiopa: ina matabwa ake anagonekedwa motsata msewu, ndipo mpata wa pakati pa thabwa ndi linzake umakwana tayala la njinga ndendende. Mlatho womwe simuudziwa, tsikani muwoloke wapansi.

Pa mtsetse wautali ngati wa Zomba, mabuleki ogwira pa limu amatenthetsa limuyo mpaka chubu chitha kuphulika, ndipo buleki ija yobweza mapedulo kumbuyo nayo imatentha n'kufooka. Imani kawiri kapena katatu kuti zitsulo zizizire. Kukanyowa, mabuleki a pa limu yachitsulo amachedwa kugwira. Mabuleki a disiki amapirira zonsezi bwino, ndipo ngati pali chinthu chimodzi choyenera kuwonjezerapo ndalama, ndi chimenechi pamodzi ndi helimeti.

Kachetechete wa msewu asakupusitseni kuti muli nokha. Pokhota posaoneka kutsogolo khalani kumanzere nthawi zonse. Lole yodzaza zipika siiyembekezera njinga, ndipo pafumbi siingaime msanga.

Matayala: osapopa mpaka kuuma

Tinazolowera kupopa tayala mpaka chala chikanike kulidina. Kwa wonyamula matumba awiri a chimanga pa keliyala zimenezo n'zoyenera, chifukwa tayala lofewa lingaphwanyike pa limu. Kwa wopanda katundu, tayala louma limadumphadumpha pa miyala, siligwira pansi pokhota, ndipo limatopetsa msana. Tayala lotakata mamilimita 40 mpaka 50, lokhala ndi timano tochepa, ndilo loyenera misewu iyi. Munthu wolemera makilogalamu 70 atha kuyambira pa mpweya wa pakati pa 30 ndi 40 psi, n'kusintha malinga ndi msewu. Mukachepetsa mopitirira, chubu chimapanidwa pakati pa mwala ndi limu, n'kubooka mabowo awiri oyandikana. Mukaona mabowo otero dziwani kuti si minga, ndi mpweya unachepa.

Njinga yokhotakhota chiwongolero ija, yopangidwira masewerawa, njodula ndipo zipangizo zake n'zosowa kuno. Sikuti popanda iyo ulendo walephereka. Njinga ya m'mapiri ya pa kaunjika, yokhala ndi magiya ogwira bwino ndi mabuleki odalirika, imayenda misewu yonse yatchulidwayi, ndipo pamalo oipa kwambiri imaposa yodulayo. Njinga ya Buffalo ya giya imodzi, yomwe imalemera makilogalamu oposa 20, inapangidwira kusenza katundu wokwana makilogalamu 100 pa keliyala. Pa ntchito imeneyo ilibe inzake, koma ya ku Chingwe si ntchito yake.

Nyengo

Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti. Nthaka yauma koma fumbi silinachuluke, mitsinje ikadali ndi madzi, ndipo dzuwa silipweteka. Vuto la miyezi imeneyi ndi kuzizira. Pa mamita 1,000 alionse omwe mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo munthu wonyowa thukuta akayamba kutsika mphepo imamulowa m'mafupa. Ku Zomba chiperoni chitha kubwera masana, nkhungu ndi mvula yowaza, n'kukhala masiku angapo. Nyamulani juzi ndi chovala chotchinga mphepo ngakhale m'tauni muli dzuwa. Kumbukiraninso kuti mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, ndipo m'mitengo mdima umafika msanga kuposa pamtetete.

Dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, katondo amasanduka phala lomata. Limaunjikana pa matayala mpaka kuleka kuzungulira, ndipo njinga imalemera moti n'kukankha komwe kumakanika. Zigwembe zimadula misewu usiku umodzi, monga tinaonera kum'mwera pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Pamwamba pa chitunda choyera, mphenzi nayo njoopsa.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ndi nyengo ya moto. Moto wa m'paini umathamanga, ndipo umakwera chitunda mwachangu kuposa mmene umatsikira, mwachangu kuposa wopalasa aliyense. Mukaona utsi m'munsi mwanu musayese kuuthawa pokwera. Bwererani kumene mwachokera ngati n'kotseguka, kapena pitani pamalo popsa kale kapena poyera popanda udzu, ndipo mukapeza netiweki kapena mlonda, nenani. Ndi nyengo yomweyonso imene chitedze chimauma m'makwawa. Amene anachikhudzapo safunikira kuuzidwa kawiri.

Msewu uli ndi eni ake

Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo zina zimachokera m'nkhalango zomwezi. Choncho pa msewu womwe inu mwapita kukapumitsako mutu, ena ali pa ntchito. Ku Zomba mudzakumana ndi amayi atasenza mitolo italiitali ya nkhuni, ndi abambo akutsitsa njinga zomangidwa zipika kapena matabwa, thupi lonse litatsamira kumbuyo kuti katundu asawakoke. Ku Dzalanyama ndi njinga za makala, matumba atasanjikizana kupitirira mutu.

Mayi wosenza mtolo wautali sangacheuke msanga, ndipo akatembenuka mtolowo umasesa msewu wonse. Kumuimbira belu muli kale pamsana pake n'kumudzidzimutsa, mwina n'kumugwetsa. Chepetsani liwiro muli patali, mulankhule: "Zikomo amayi, tidutse nawo." Dikirani akupatseni mbali. Wotsitsa njinga yolemera ndiye mwini njira, chifukwa sangaime pomwe wafuna. Patukani inu. Ku Viphya, komwe ambiri amalankhula Chitumbuka, "Monire" ndi "Yewo" zimatsegula njira. Musajambule munthu ndi katundu wake osapempha. Ena mwa iwo akuchita zomwe lamulo la zankhalango limaletsa, ndipo foni yowaloza imawapatsa mantha kapena mkwiyo.

Zimandipweteka kuona phiri lomwe linali lobiriwira likusanduka zitsa, ndipo sindingabise kuti makala akutha Dzalanyama. Komabe thumba lililonse lili ndi woligula m'tauni, ndipo ambiri a ife opalasa njinga mwachisangalalo timachokera m'nyumba zomwe mbaula yake imayaka tsiku lililonse. Wonyamula makalayo si woti timukalipire tili pa chishalo.

Pofunsa njira, funso lenilenilo lili ndi luso lake. Mukafunsa kuti "Kodi uwu ndi wa ku Luwawa?" munthu waulemu atha kuvomera posafuna kukukhumudwitsani, kapena chifukwa mwanjira ina yake msewuwo umakafikadi kumeneko, kudzera komwe njinga singadutse. Yambani ndi moni wokwanira, kenako mufunse kuti, "Abambo, msewu uwu ukutulukira kuti?" Funsaninso ngati malole akudutsamo masiku ano komanso ngati mlatho uli bwino. "Pafupi" wa munthu wozolowera kuyenda pansi m'mapiri atha kukhala maola awiri.

Misewu ina, makamaka ya ku Chongoni ndi yozungulira Dzalanyama, imatuluka m'nkhalango n'kudutsa m'midzi. Mukaona masamba kapena nthambi zitayalidwa pamsewu, pali maliro: tsikani, vulani chipewa, mukankhe njinga mpaka mudutse masamba a mbali inayo. Kankhalango kowirira pakati pa minda kawirikawiri ndi manda, ndipo m'madera a Achewa ndi malo a gule wamkulu. Si popumira kapena podzithandizira. Mukakumana ndi gule panjira, tsikani, muime pambali, mumupatse mpata.

Ikawonongeka muli pakati pa nkhalango

Pa msewu wa kumudzi simuyenda mtunda wautali musanapeze wokonza njinga pansi pa mtengo. M'nkhalango mulibe. Nyamulani pampu, machubu awiri, zigamba ndi guluu wake, zotsegulira tayala, masipanala okwana mabawuti a njinga yanu, chodulira ndi cholumikizira tcheni, ndi mphira wa chubu chakale, womwe umamanga chilichonse chomwe chamasuka. Tayala likang'ambika ndi mwala, pindani kapepala kolimba ka pulasitiki muike mkati pakati pa chubu ndi pong'ambikapo, lidzakufikitsani. Zonsezi muziyesere kunyumba kaye. Pamwamba pa phiri, zala zitauma ndi chisanu, si pophunzirira kulumikiza tcheni.

Madzi asachepere malita awiri pa ulendo wa theka la tsiku, ndipo a mumtsinje muthire mankhwala musanamwe, chifukwa kumtunda kutha kukhala msasa wa ocheka matabwa. Paketi ya Thanzi ORS imathandiza tsiku lotentha. Chakudya chikhale chomwe mimba yanu imachidziwa: nthochi, mbatata yophika, mtedza, chigumu. Idyani pang'onopang'ono ola lililonse njala isanayambe, chifukwa mphamvu zikatheratu pa chitunda zimachedwa kubwerera. Onjezani tochi, bandeji ndi ndalama zochepa zapamanja.

Musananyamuke uzani munthu wina njira yomwe mudutse ndi nthawi yomwe mubwerere, ndipo musasinthe njira osamudziwitsa. Dziikireni ola lotembenukira, tinene 2 koloko masana, loti likakwana mubwerera ngakhale pomwe mumafuna kukafika pakuoneka apo. Mukasochera, bwererani pa mphambano yomaliza yomwe mukuikumbukira bwino, osadula chidule m'mitengo. Pa misewu iwiri yosadziwika, sankhani womwe uli ndi mapazi a anthu ndi mikwingwirima yatsopano ya matayala, chifukwa zipika ndi nkhuni zonse zimatulukira ku msewu waukulu. Ndipo njinga ikakana kukonzeka dzuwa litapendeka, musataye nthawi yowala mukulimbana nayo: yambani kukankha pomwepo molowera ku msasa wa zankhalango kapena mudzi wapafupi.